Bulu Alibe Linunda

Wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo ya zitsulo anali munthu wolungama, ndipo pa mfundo imeneyi sipafunika mboni yachiwiri. Pa ntchito ya manja anali katswiri: nsapato yosokedwa ndi iye inkatha chidendene, n'kutha kumphuno, koma msoko wake uli chigwirire. Pa chifundo analinso wokhoza, pakuti chakudya sichinkatsika kukhosi kwake cholengedwa china chikubuula pafupi. Koma pa luso lolankhula ndi anthu anali wolephera kotheratu, ndipo zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu sizinathe kumuwongola. Choonadi ankachiponya ngati mwala, kenaka n'kumadabwa kuti anthu akuchilewa m'malo mochitola.

Khonde limene ankakhalapo linayang'anizana ndi chitunda. Msewu wochokera kumtsinje unkakwera pamenepo kupita kubwalo loumbira mabuloko, ndipo tsiku lonse pankadutsa ngolo za mchenga, iliyonse ikukokedwa ndi abulu awiri omangidwa m'goli. Apa m'pamene panali chisoni cha wosoka nsapato. Goli linapangidwira ng'ombe. Ng'ombe ili ndi linunda, ndipo mtengowo umatsamira pamenepo popanda vuto. Bulu alibe linunda; mphamvu zake zili pachifuwa. Mukamuika goli, mtengo umakhula khosi lake mpaka ubweya kutha, khungu n'kutseguka. Eni ngolowo sanali anthu oipa kuposa ena. Magoliwo anawalandira kwa makolo awo amene anali ndi ng'ombe, ndipo ng'ombe zitatha anagula abulu, goli n'kusiya lomwelo. Chilonda chikaoneka ankachipaka oilo wakuda wotsala mu injini ya galimoto, amvekere amathamangitsa ntchentche.

Wosoka nsapato anatenga katoni, nalembapo ndi zilembo zazikulu kuti BULU ALIBE LINUNDA, CHOTSANI GOLI, naipachika pamwamba pa benchi lake. Ngolo iliyonse ikamakwera ankaimirira, nsapato ya kasitomala ili m'manja, n'kumakuwa.

"Anthu ouma mtima inu! Khosi lanu atalichita chotero mungakondwe? Manyazi mulibe?"

Eni ngolo anamupatsa dzina loti Loya wa Abulu, ndipo ankamulonjera nalo mokondwa ndithu.

"Mwadzuka bwanji a Loya? Makasitomala anu akufunsa kuti mlandu wawo ulowa liti m'bwalo!"

Zaka ziwiri zinatha. Katoni inasuluka ndi dzuwa, iye nalemba ina. Goli lochotsedwa panalibe ngakhale limodzi.

Mmodzi mwa eni ngolowo anali mlamu wake weniweni, mchimwene wamng'ono wa mkazi wake, bambo wa ana anayi, wanthabwala ndi wouma mutu. Anali ndi abulu awiri: wamphongo ankamutcha Kapitawo chifukwa chokonda kuima n'kumayang'ana anzake akugwira ntchito, ndipo wamkazi ankamutcha Dona chifukwa sankaponda m'matope ngati pali pouma. Lachiwiri lina m'mawa, kumayambiriro kwa mwezi, ngolo ya mlamuyo inafika pakati pa chitunda, moyang'anizana ndi khonde, ndipo Dona anagwada. Sanagwe ndi phokoso. Anangopinda miyendo yakutsogolo, mphuno n'kugunda pansi, goli n'kupendekeka mpaka Kapitawo naye anapotoka khosi. Chikwapu chinalira kawiri.

"Alamu! Ponyani pansi chikwapucho!" Wosoka nsapato anali atawoloka kale msewu, epuloni yake ikukupiza.

"Alamu, kasokeni nsapato. Ine sindibwera pakhonde panu kudzakuphunzitsani kukhoma misomali."

"Mukanabwera mukanaphunzirako nzeru. Gwirani uku, tinyamule mtengowu."

Ananyamula golilo. Pansi pake panali chilonda chachikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, chakuda ndi oilo, chonyowa m'mphepete. Ntchentche zimene ankati zimathawa oilo zinali pomwepo. Mlamu anachiyang'ana, napukusa mutu, ndipo polankhula mawu ake sanali ankhanza. Anali a munthu wotopa.

"Watha uyu. Ogula zikopa akubwera kumapeto kwa mwezi. Ndimupereka, ndipeze wina wamng'ono."

"Kuti nayenso mumudye khosi?"

"Bulu wa ngolo ndi choncho, alamu. Zaka zinayi, zisanu, basi. Kapena mukufuna ndimugulire matiresi?"

Wosoka nsapato anakoka mpweya kuti ayambe ulaliki wake wa masiku onse, koma anadulidwa ndi mkazi wake, amene anafika nthawi yomweyo atanyamula fulasiki ya tiyi. Anali mayi wa mawu ochepa, ndipo mawu ochepawo ankafika pamene awatuma. Anaika fulasiki pansi, nayang'ana chilonda, nayang'ana mchimwene wake.

"Iwe, masula buluyo."

"Achemwali, izi ndi za amuna, musalowerere."

"Za amuna? Ine ndinakubereka kumbuyo uku, ukundinyowetsera nsalu tsiku ndi tsiku, ndipo sindinakupereke kwa ogula zikopa. Masula."

Eni ngolo ena amene anaima kuti aonerere anaseka mpaka kugwira mawilo. Mlamu anamasula zingwe akung'ung'udza. Wosoka nsapato anayamba kumwetulira, koma mkazi wake anali asanamalize.

"Inunso abambo, musasekerere. Zaka ziwiri mukukuwa kuti chotsani goli, chotsani goli. Chabwino, achotse. Aikepo chiyani? Katoni yanuyo ndiyo ikoke mchenga?"

Funso limenelo linamulasa, chifukwa pa zaka ziwiri zonsezo anali asanadzifunsepo. Pomaliza analankhula motsitsa, mmene anthu a mumsewuwo anali asanamumvepo.

"Ndipatseni buluyu mpaka kumapeto kwa mwezi, alamu. Loweruka lomaliza adzakwera chitunda ichi ndi ngolo yodzadza, popanda goli, popanda chikwapu."

"Akoka ndi chiyani? Ndi makutu?"

"Zimenezo ndi zanga."

"Nanga akadzagwadanso?"

Wosoka nsapato anayang'ana Dona. "Akadzagwada, mudzachite zimene mwanenazo. Ndipo katoni ija ndidzaichotsa ndekha."

"Mwamva nonse!" mlamu anakuwa kwa anzake. "A Loya akubetcha ofesi yonse!"

Dona anakakhala kuseri kwa nyumba ya wosoka nsapato, pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi mulu wa nkhuni. Mlamu anayamba kutuma Kapitawo pamodzi ndi bulu wobwereka kwa mnzake. M'mawa uliwonse, asanapite kukhonde, wosoka nsapato ankafunditsa madzi, n'kuthiramo mchere pang'ono, n'kumatsuka chilondacho ndi kansalu koyera. Oilo anatenga masiku anayi kuti achoke. Masiku oyambirira Dona ankanjenjemera dzanja likamayandikira, makutu atagona kumbuyo. Pofika sabata yachiwiri ankabwera yekha akamva kulira kwa ndowa, n'kutsamiritsa mutu wake wolemera pamimba pa womutsukayo. Pamwamba pa chilonda ankayalapo chidutswa cha neti yakale kuti ntchentche zisatere. Mkazi wake anadandaula kamodzi kokha, tsiku limene Dona anatafuna mkono wa malaya a kutchalitchi, ndipo ngakhale pamenepo anadandaula akuseka.

Ntchito yeniyeni inali yopeza cholowa m'malo mwa goli. Wosoka nsapato anaiyamba monga ankayambira ntchito iliyonse, ndi tepi yoyezera. Anayeza chifuwa cha Dona, mapewa, msana ndi mimba, nalemba manambala kuseri kwa bokosi la polishi, monga amachitira ndi phazi la kasitomala. Kwa ophwasula magalimoto akufa anakatenga malamba a m'mipando, aja olimba osaduka. Kunyumba anapempha bulangete lakale. Maganizo ake anali osavuta: lamba wotambalala, wofundidwa ndi bulangete, adutse pachifuwa, kuchokera pamenepo zingwe ziwiri zipite kungolo, kulemera kwa mtengo wa pakati wa ngolo kupachikike pa kamtsamiro ka pamsana, khosi likhale lopanda kanthu. Wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi khonde anavomera kumupangira ngowe ndi kamtanda kokolekapo zingwezo, atamuseka kaye mokwanira.

"Ndiye kuti mwasiya kuvalika anthu, a Loya? Kodi ya Dona ikhala saizi chani?"

"Yocheperapo kuposa pakamwa panu. Wotchererani apa."

Masiku atatu anasoka, ulusi akuupaka phula, singano ikuboola malamba awiriawiri. Chimene chinatuluka chinali chokongola, ndipo iye anadziwa kuti n'chokongola. Misoko yonse anaipindira m'kati, monga achitira mmisiri aliyense wodzilemekeza, kuti kunja kuoneke kosalala ngati chogula m'sitolo. Anamuveka Dona, namangirira chipika kumbuyo, namuyendetsa kuzungulira bwalo kakhumi. Atavula lamba uja anapeza mizere iwiri pachifuwa pamene ubweya unayamba kuthothoka, khungu likutentha. Pamwamba pa apo, nthawi yonse yokoka Dona ankatsokomola, chifukwa lambayo anakwera kwambiri n'kumapanikiza kholingo.

Anakhala pa mulu wa nkhuni, lamba ali pamaondo, nthawi yaitali. Mkazi wake anabwera kudzanula zovala, natenga lambayo, nayendetsa chala m'kati mwake.

"Kodi mwasokera maso a anthu, kapena chifuwa cha bulu?"

"Msoko wa kunja ndi ntchito ya wophunzira kumene," iye anayankha mouma. "Zaka makumi atatu sindinatulutsepo chinthu cha misoko yoonekera."

"Dona sakudziwa zimenezo, abambo. Iye akungomva kuwawa."

Munthu wonyada amavomera kuti walakwa pa chikhulupiriro msanga kuposa kuvomera kuti walakwa pa ntchito ya manja ake. Komabe m'mawa mwake wosoka nsapato anatenga lumo, nadula ulusi wonse wa masiku atatu aja. Anasokanso misoko ili kunja, mfundo zili kunja, m'kati muli bulangete lokhalokha losalala. Lambayo anamutsitsa ndi zala zinayi kuti akhale pa mnofu wa chifuwa, pansi pa kholingo. Chinatuluka chinthu chonyansa m'maso, chokhala ngati chilonda chosokedwa mofulumira kuchipatala. Dona anakoka nacho chipika maulendo makumi awiri osatsokomola, ndipo atavula, ubweya unali gone bwinobwino. Tsiku lomwelo anayamba kusoka cha Kapitawo, atamuyeza payekha pa nthawi ya nkhomaliro, pakuti chifuwa chake chinali chachikulu ndi zala zitatu.

Loweruka lomaliza linafika kuli dzuwa lowala. Chilonda cha Dona chinali chitauma, pakati patatsala kachipsera kofiirira. Nkhani inali itamveka, kotero kuti pofika nthawi ya kadzutsa ngolo zisanu ndi ziwiri zinali zitaima m'munsi mwa chitunda, eni ake atakhala pamwamba pa mchenga ngati oonerera mpira. Galimoto ya ogula zikopa inali itaima kale kumsika wa ziweto, kuseri kwa bwalo la mabuloko, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo.

Mlamu anabwera ndi ngolo yodzadza mpaka pakamwa, ndipo anawonjezera mafosholo awiri pamaso pa onse.

"Kuti pasadzakhale zonena, alamu."

"Onjezerani lachitatu, mtima wanu ukhale pansi."

Mlamu anamasula bulu wobwereka uja, nachotsa goli, naligoneka m'mbali mwa msewu. Wosoka nsapato anaveka Dona ndi Kapitawo malamba awo, akulowetsa zala pansi pa lamba aliyense kuona ngati mwatsala mpata. Eni ngolo ataona misoko ija anafa nalo phwete.

"A Loya, mwasoka mutatsinzina kodi?"

"Akazi anga atandisokera kabudula wotero, ukwati watha tsiku lomwelo!"

"Dona wavala za mkati kunja, abale!"

Wosoka nsapato anawasiya aseke. Anatambasula dzanja kwa mlamu wake, ndipo mlamuyo, atazengereza pang'ono, anapereka chikwapu. Mkazi wa wosoka nsapato anachilandira, nachipinda, nachikhalira pabenchi la pakhonde.

"Tiyeni, amayi," wosoka nsapato anatero kwa Dona, motsitsa. "Nanunso a Kapitawo, lero mugwireko ntchito."

Zingwe zinakungika. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Abuluwo anaima modabwa, akudikira ululu wa pakhosi umene anazolowera kuti ndiwo chiyambi cha ulendo. Kenaka Dona anaweramitsa mutu, chinthu chimene m'goli sakanatha kuchita, natsamira pa lamba ndi chifuwa chonse. Mawilo analira, nagudubuzika. Kapitawo, poona kuti mnzake wapita, anatsatira.

Anakwera pang'onopang'ono, ziboda zikukumba dothi. Wosoka nsapato ankayenda kumutu kwa Dona osagwira chingwe. Mlamu ankayenda mbali inayo, manja ake opanda chikwapu akusowa pokhala. Anawaika m'thumba, nawatulutsa, nawapinda kumbuyo. Phokoso la eni ngolo linayamba kuchepa. Anatsika pa mchenga wawo mmodzimmodzi n'kumatsatira pambuyo. Ngolo inafika moyang'anizana ndi khonde, pamalo pomwe Dona anagwada tsiku lija, ndipo iye anapadutsa osacheuka n'komwe.

"Hii," anatero wina kumbuyo. "Koma akukoka ndithu."

"Dikirani pa ngalande paja," anatero mnzake. "Pamene paja m'pamene pamadziwika mwamuna."

Pa ngalande paja chitunda chimaima chilili kwa mapazi ngati makumi awiri chisanafike pamwamba. Ngolo zonse zinkadutsapo ndi chikwapu ndi mfuu. Abulu awiriwo analowapo, nakoka theka lake, ndipo pamenepo anaima. Ngolo inabwerera m'mbuyo pang'ono. Wosoka nsapato anatola mwala msangamsanga nautsekera kuseri kwa wilo, natola wina natsekera linalo. Miyendo ya Dona inkanjenjemera, nthiti zikukwera ndi kutsika, thukuta likuda m'mphepete mwa lamba. Koma maondo ake anali owongoka.

Mlamu anazungulira nafika kumbali ya Dona. Anayendetsa dzanja pakhosi pake, pa kachipsera paja, nayang'ana chikhatho chake. Chinali chouma. Analowetsa zala pansi pa lamba wa pachifuwa, natulutsa, nayang'ananso. Anachita chimodzimodzi kwa Kapitawo. Kenaka anakanda kuseri kwa khutu la Dona mwamanyazi, ngati munthu wolonjera m'bale amene anakangana naye.

"Alamu," anatero, ndipo nthabwala munalibe m'mawu ake. "Basi, zakwana. Ogula zikopa apite ndi galimoto yawo. Uyu sindimupereka, akwere asakwere. Mwamva nonse, sindimupereka."

Wosoka nsapato anangogwedeza mutu. Chimwemwe chinamudzadza mwakachetechete, ndipo anayang'ana kumbali kuti anthu asaone nkhope yake. Pakhonde paja mkazi wake anali ataimirira, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa.

"Tsono patsala pang'onopa tikankhe," mlamu anapitiriza, akupinda manja a malaya. "Palibe adzanene kanthu. Amuna inu, bwerani! Tithandize a Loya, atuluke ndi ulemu."

Anabwera onse asanu ndi awiri, ndi wowotcherera zitsulo yemwe, akuseka, akulavulira m'manja. Anafola kumbuyo kwa ngolo, mapewa atatsamira pa matabwa. Panalibe chipongwe pa zimenezi. Anali anthu amene kwa zaka ziwiri anamuseka, ndipo tsopano ankafuna ndi mtima wonse kuti apambane.

Wosoka nsapato anawayang'ana, nayang'ana kumunsi kwa chitunda, kumene abulu khumi ndi anayi anaima m'magoli awo, mitu ili pansi, makosi akuda ndi oilo. Anadziwa anthu ake. Akakankha lero, mawa pamtsinje nkhani idzakhala yakuti malamba a Loya ndi abwino, koma pa ngalande amafuna amuna asanu ndi atatu. Anayang'ananso Dona. Kunjenjemera kwa miyendo kunali kutaleka, mpweya unayamba kutsika bwino, ndipo makutu ake aatali anali atatembenukira kutsogolo, kumene kunali pamwamba pa chitunda.

"Zikomo, abale anga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kuwatcha motero. "Koma chotsani mapewa anu pangolopo."

"Alamu, musaume mutu. Mlandu mwawina kale."

"Wa Dona ndawina. Wa enawo ukadali m'bwalo." Anapita kumbuyo kwa ngolo, nachotsa yekha dzanja la wowotcherera zitsulo pa thabwa, mofatsa, ngati akuchotsa ulusi pa malaya a mnzake. "Sanalephere uyu, akupuma. Inu simupuma mukanyamula thumba la simenti? Imani apo, manja m'thumba, muone. Akamaliza kupuma atiuza yekha."